Mawu oti "Remember"



Chaka chilichonse pa 6 Julayi timakumbuka ufulu wa 1964. Ana athuwa amati "remember". Mawuwa Angerezi anawabwereka kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1300, koma gwero lake ndi Chilatini: "re", kubwereza, ndi "memor", wosunga kanthu m'maganizo. Ndiye kuti kubwezeretsa m'maganizo chimene chinalimo kale.

Nkhawa yathu yagona pamenepa. Mwana wobadwira kuno, amene sanapondeko ku Malawi, abwezeretsa chiyani ngati ife sitinamuuze?

Mngerezi akati "remember me to your mother", akutanthauza kuti mukawapatse moni mayi, basi. Kwathu wokumbuka amatumizanso ya feteleza. Wosatero timati anatchona. Tisanamizane, enafe agogo a anawa sitinawaimbire foni chiyambire chaka chino.