Maiko Akunja Anafika Kale ku Nkhunga: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Ophunzira Akale



Mwandipempha kuti ndinene za m'mene ana athu angadziwire maiko ena ndi mitundu ina. Nkhaniyi ikatchulidwa, ambiri timaganiza za mphunzitsi wochokera kutsidya kwa nyanja, monga a Peace Corps amene anayamba kubwera m'dziko muno m'chaka cha 1963, kapena a ku Japan amene anayamba mu 1971. Akabwera tiwalandire ndi manja awiri. Koma ine ndikuti maiko akunjawo anafika kale kuno ku Nkhunga, kungoti sitinawalowetse m'kalasi.

Taonani nzimbe. Fakitale ya shuga ya pa Dwangwa inayamba ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pansi pa kampani ya Lonrho ya ku London, ndipo mu 1997 inapita m'manja mwa Illovo ya ku South Africa. Kwa zaka zambiri gawo lina la shuga wa Malawi linkagulitsidwa ku Ulaya pa mtengo wapangano, motsatira mgwirizano wa Lomé wa 1975, mpaka dongosololi linatha mu 2009. Tsono mfundo yomangidwa ku Brussels inkafika mpaka m'thumba mwa bambo wodula nzimbe. Ife pa Jogalafe tinaloweza za tirigu wa ku Canada, osadziwa kumene shuga wa pakhomo pathu ankapita.

Ntchito yomweyo ya nzimbe inasonkhanitsa anthu ochokera m'zigawo zonse zitatu. M'kalasi imodzi mumapezeka wolankhula Chitonga, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ngakhale Chisena. Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ana ambiri anazolowera kusiya chilankhulo cha amayi awo pa chipata, poopa kusekedwa. Ine ndagwira ntchito ya boma m'maboma angapo, ndipo kunena zoona, Chitumbuka chochepa chimene ndinatola kwa mnzanga wa pa benchi chanditsegulira makomo ambiri kuposa pepala langa la ku yunivesite.

Nanga mbiri? Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pa Nkhotakota. Anabwera ndi Chiswahili ndi Chisilamu, komanso ndi malonda oipa a ukapolo, otumiza anthu athu kugombe la Kilwa. David Livingstone anafika pomwepo mu 1861. Kumpoto kwathuku, ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, kunabadwa Clements Kadalie, Mtonga amene mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town. Ndi ana angati amene anamvapo dzina lake?

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi cha agogo athu amene anapita ku migodi pa Wenela. Ulendowo unaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula Amalawi itagwa ku Francistown. Otsala ndi ochepa, ndipo akutha mmodzimmodzi. Iwowa anagona chipinda chimodzi ndi Abasotho ndi Ashangani, anaphunzira Fanakalo, anaona tsankho ndi maso awo. Pamene iwo akungokhala pakhonde opanda wowafunsa, adzukulu awo akusiya sukulu kuthamangira ku Joni komweko, osamvapo bwino za chipolowe chothamangitsa alendo cha mu 2008 ndi 2015.

Kotero, Bambo Wapampando, pempho langa ndi lochepa. Teremu iliyonse pakhale masana amodzi pamene sukulu idzaitana mlendo: gogo wa ku migodi, shehe, m'busa, mayi wogulitsa usipa amene amadziwa misika ya kutali. Ana azifunsa m'chilankhulo chimene mlendoyo amamasuka nacho, ena azimasulira, ena azilemba m'buku losungidwa ku laibulale. Anzathu amene ali ku Cape Town kapena ku Ireland atumize mawu awo pa foni, koma anene zoona zokhazokha, za lendi ndi mapasipoti zomwe, osati zithunzi za magalimoto a eni ake.

Bungwe lathu lingolipira thiransipoti ndi chakudya cha mlendoyo, ndi kugula mapu aakulu a dziko lapansi opachika m'kalasi iliyonse. Mapu a Fomu 1 ndigula ine. A Msungichuma ali ndi buku pakhomopo, mulembetse musanatuluke.