MASAMBA A TIYI PA SIKELO, NANGA MWANA?

Madzulo ano ndifuna tikambirane za ana aang'ono amene sanafike msinkhu wa kulowa kalasi yoyamba, ndi za umo tingawasungire amoyo ndi okondwa pa sukulu zao za mkombaphala. Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni tipite m'maganizo ku minda ya tiyi ya kum'mawa kwa Zimbabwe, kufupi ndi malire a Mozambique.

Kumeneko kuli chigwa cha Honde, m'boma la Mutasa, kunsi kwa phiri la Nyangani, ndipo kummwera kwake kuli Chipinge, kumene tiyi anayamba kulimidwa pa esiteti ya New Year's Gift m'zaka za m'ma 1920. Mwa anthu othyola tiyi m'malo amenewa muli ana ndi adzukulu a abale athu amene anachoka ku Malawi ndi ku Mozambique kudzafuna ntchito. Amene mumadziwa Thyolo ndi Mulanje mukudziwanso moyo wao. Mayi alawirira m'mamawa, dengu kumsana, nathyola nsonga kufikira dzuwa litapendeka, ndipo masamba ake apita pa sikelo tsiku ndi tsiku. Funso langa ndi ili: masamba ayesedwa lero, nanga mwana wa mayiyo anapita liti ku sikelo?

Taonani chinthu chovuta. Tiyi aphuka kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, ndiyo nthawi imene mayi alibe mpata wa kukhala pakhomo. Koma nyengo yomweyo ndiyo ya udzudzu, pakuti chigwa cha Honde n'chotentha ndi chamvula, ndipo malungo ndi ambiri. Ndiyonso nyengo imene madzi a mvula akokolola zonyansa kupita nazo ku zitsime, ndi imene ufa uchepa m'nyumba. Motero mwana asowa mayi wake pa nthawi imene amfuna koposa. Apa ndipo sukulu ya ana aang'ono ipeza ntchito yake yeniyeni.

M'chaka cha 2004 boma la Zimbabwe linalamula kuti sukulu za pulayimale zikhale ndi makalasi a ana aang'ono, amene awatcha ECD A ndi ECD B. Makolo ena ayesa kuti ntchito ya makalasi otere ndiyo kuloweza a e i o u basi. Ine ndinaphunzira za uphunzitsi, ndipo ndikuuzani zoona: mwana wanjala samva mphunzitsi. Phunziro loyamba pa sukulu ya mkombaphala ndilo phala.

Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Sangadye nsima yambiri kamodzi n'kukhala tsiku lonse monga achitira wamkulu. Ayenera kudya kanayi kapena kasanu pa tsiku, ndipo chakudyacho chikhale cha nyonga. Phala la ufa woyera lamadzimadzi lidzaza mimba chabe. Pangani la mgaiwa, lolimbirako, muikemo nsinjiro kapena supuni ya mafuta. Izi si zachilendo. M'chaka cha 1981, nkhondo itangotha ku Zimbabwe, amayi a m'midzi anali kusonkhana kuphikira pamodzi ana owonda chakudya cha chimanga, nyemba, mtedza ndi mafuta, ndipo ana analimba. Ku Malawi mumadziwa Likuni Phala, wa chimanga ndi soya. Zonsezi zimera m'minda yathu. Ngati kholo lililonse libweretsa kambale ka mtedza kapena ka nyemba pa kutha kwa mwezi, mphika wa pa sukulu sudzazizira. Ku Honde kuli nthochi ndi mapeyala ambiri. Asathere onse pa msika.

Chachiwiri ndicho madzi ndi chimbudzi. Pamene ana makumi atatu asonkhana malo amodzi, kutsekula m'mimba kwa mmodzi kufika msanga kwa anzake. Chimbudzi cha Blair, chimene Peter Morgan anakonza ku Harare m'zaka za m'ma 1970, chili ndi paipi yotulutsa fungo ndi kasefa kotsekereza ntchentche. Cha ana chikhale ndi dzenje la kukamwa kwakung'ono, kuti asaope. Pakhomo pake pakhale madzi ndi sopo, ndipo ana asambe m'manja pa madzi othira, osati onse m'beseni limodzi. Mwana akayamba kutsekula, musammane madzi. Ku Zimbabwe aphunzitsa chotere: m'botolo loyera la mamililita 750 thirani madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono la mchere. Ku Malawi kuli Thanzi ORS, amene paketi yake isungunulidwa m'lita imodzi. Mpatseni pang'onopang'ono, muli pa ulendo wa ku chipatala.

Chachitatu ndicho khadi la ku sikelo. Khadi limeneli linayamba ndi Dr. David Morley, amene anagwira ntchito ku Imesi-Ile m'dziko la Nigeria. Nzeru yake ndi yapafupi: mzere ukamakwera, mwana ali bwino, ukaima kapena kutsika, kanthu kalipo, ngakhale maso athu asanaone. Pa khadi lomwelo alembapo katemera, monga wa chikuku pa miyezi 9, ndi vitamini A amene aperekedwa miyezi 6 iliyonse kufikira zaka 5. Mphunzitsi aone khadi la mwana aliyense pomlemba sukulu. Ndipo mwana akatentha thupi, wina athamange kukaitana mayi kumunda, kuti akayezedwe magazi tsiku lomwelo, pakuti malungo sadikira kuti dengu lidzaze. Usiku agone m'neti.

Ndisaiwale mtima wa mwana. Pakhomo alankhula Chichewa, koma pa sukulu amva Chimanyika ku Honde kapena Chindau ku Chipinge, ndipo masiku oyamba akhoza kungokhala chete pakona. Mphunzitsi wanzeru samkwapula. Aphunzira mawu awiri atatu a kwao kwa mwanayo, namuitana ndi dzina lake, namlowetsa m'masewera ndi m'nyimbo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a chaka cha 2013 awerenga Chichewa ndi Chindau mwa zinenero 16 za dziko. Chifukwa chake, agogo, musaleke kuwasimbira adzukulu nthano madzulo.

Inu abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Chimbudzi chifuna wokumba, khitchini ya sukulu ifuna denga, ndipo tsiku limene mayi sangachoke pa mzere, mwana atha kupita ku sikelo pa phewa lanu.

Aliyense wogwira ntchito ya tiyi adziwa nazale. Mbande ikhala pa mthunzi miyezi yambiri, ithiriridwa ndi kuyang'aniridwa, ndipo palibe kapitawo amene aitcha ntchito yotaya nthawi. Akulu anati mmera m'poyamba. Usiku uno, musanagone, tulutsani khadi la mwana wanu, muone tsiku limene anayesedwa komaliza. Ngati papita mwezi, pitani naye sabata ino.

Tsalani bwino nonse.