MASO A MLENDO: ULENDO WA LEGSON KAYIRA NDI PHUNZIRO LA MAIKO

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe



Mwana wa sukulu wa ku Kanakantapa akhala pakati pa njira ziwiri za maulendo akutali. Kumwamba aona ndeke zirikutsika ndi kunyamuka pa bwalo la Kenneth Kaunda; pansi pali mseu waukulu wa Great East Road, umene ucokera ku Lusaka, nuoloka Luangwa, nupyola Petauke ndi Katete kufikira ku Chipata ndi ku malire a Malawi. Mwana wotere sangakule wosafunsa mumtima mwace kuti, Kodi onsewa apita kuti, nanga kumeneko kuli ciani? Tsiku lina ambiri a iwo adzanyamuka, ena kukafuna nchito, ena maphunziro, ena malonda, ndipo oculuka adzapita okha. Cifukwa cace mphunzitsi ayenera kudzifunsa: pamene mwanayu adzafika kwa eni, adzapenya ciani, ndipo adzacizindikira bwanji cimene wapenyaco? Mbiri ya mnyamata wina wa ku Nyasaland ithandiza poyankha funso limeneli.

Kunyamuka kwace

Legson Kayira anabadwira m'mudzi wa Mpale, kumpoto kwa dziko limene lero litchedwa Malawi, m'banja losauka la Atumbuka. Anaphunzira ku Livingstonia, sukulu ya misyoni ya Askoti yomangidwa ku Khondowe, pamwamba pa mapiri oyang'ana kunyanja. Mau a pa cizindikiro ca sukuluyo anali akuti I Will Try, ndiko kunena kuti Ndidzayesa. Ali pa sukulu anamva mbiri ya Abraham Lincoln ndi ya Booker T. Washington, anthu amene anabadwa ausiwa nakwera cifukwa ca kuphunzira, ndipo anatsimikiza mtima kukaphunzira ku America. Ndalama analibe, pasipoti analibe, ngakhale nsapato. Koma anayang'ana pa mapu, nalingalira zoyenda pansi kufikira ku Egypt, kuti kumeneko akapemphe nchito m'sitima ya pamadzi imene ikamuolotse nyanja yaikulu.

M'mwezi wa October 1958 anatsazika amai ace nanyamuka. Katundu wace anali kamba wa masiku asanu, bulangete, kankhwangwa, mapu, ndi mabuku awiri: Baibulo, ndi buku la John Bunyan lotchedwa Pilgrim's Progress. Aphunzitsi a mbiri adziwa kuti masiku amenewo anali osakhazikika. Nyasaland anali m'citaganya pamodzi ndi Northern ndi Southern Rhodesia kuyambira 1953, ndipo m'March 1959, mnyamatayu ali m'njira, Bwanamkubwa analengeza za ngozi m'dziko, atsogoleri ambiri a Congress namangidwa. Tanganyika ndi Uganda anali akali m'manja mwa Angerezi. Sudan yekha, mwa maiko a pa ulendo wace, ndiye anali atadzilamulira kuyambira 1956.

Zimene mlendo akomana nazo

Munthu woyenda yekha cimene ayamba kukomana naco ndico cinenero. Atangooloka malire a Tanganyika, Citumbuka ca kwao cinaleka kumthandiza, pakuti m'misika ndi m'miseu anthu analankhula Ciswahili, ndipo m'midzi mtundu uli wonse unali ndi cilankhulidwe cace. Kamba wa masiku asanu atatha, njala inamkakamiza kuima pa mudzi kapena pa tauni, kugwira ganyu, kulandira cakudya kapena tindalama pang'ono, ndi kupitirira. Usiku wina anagona kwa anthu, usiku wina kuthengo. Motero dziko analiphunzira pogwira nchito pamodzi ndi eni ace ndi kudya cimene iwo adya. Ndipo cidziwitso cotere siciiwalika msanga.

Ku Mwanza anafika m'mbali mwa Nyanja ya Victoria. Mwana wa ku Livingstonia nyanja aidziwa kale, ndipo akhoza kuyesa kuti nyanja zonse ndi zofanana. Koma ya kwao ndi yaitali, yopapatiza ndi yakuya, yotsekedwa ndi mapiri. Ya Victoria ndi yotambalala, yosaya kwambiri, ndipo malo amene iphimba aposa a Nyanja ya Malawi kawiri. Apa pali phunziro loyamba la woyenda: cacilendo ciri conse acilinga ndi ca kwao. Amene sanapenyetsetse za kwao alibe muyeso woyesera za kwina.

Anafika ku Kampala kuciyambi kwa caka ca 1960, patapita miyezi ngati khumi ndi isanu cinyamukire. Mlendo wa masiku aja anapeza mzinda womangidwa pa zitunda, wa Aganda amene cakudya cao ceniceni ndi nthoci zophika zotchedwa matoke. Munthu woleredwa ndi nsima akhoza kunena pa tsiku loyamba kuti, Kuno kulibe cakudya. Koma atakhala mwezi azindikira kuti dimba la nthoci libala caka conse ndipo lisunga nthaka. Panalinso Kabaka Mutesa II, mfumu ya Buganda, ndi sukulu yaikulu ya Makerere, kumene kunaphunzira Julius Nyerere. Zonsezi zinali zoyenera kudabwa nazo.

Koma cimene cinatembenuza ulendo wa Kayira cinali buku la pa alumali. Anakhala ku Kampala miyezi ingapo alikugwira maganyu, ndipo nthawi yopuma analowa m'nyumba ya mabuku ya boma la America. M'menemo anapeza buku la maina a masukulu a ku America, naona dzina la Skagit Valley College, ya ku Mount Vernon m'cigawo ca Washington. Analemba kalata yopempha malo, ndipo anamyankha kuti abwere. Anthu zikwi anapita pa khomo la nyumba imeneyo osalowamo. Iye analowa cifukwa aphunzitsi ace anamzoloweza kuona nyumba ya mabuku ngati malo ace; ndipo kalata yace inamveka cifukwa wina anamphunzitsa kulemba kalata.

Atapeza pasipoti anapitirira kumpoto kulowa m'Sudan, kufikira ku Khartoum, kumene White Nile ndi Blue Nile akomana nasanduka mtsinje umodzi. Kumeneko nkhalango ndi madambo zatha, dzuwa liotcha, anthu alankhula Ciarabu, ndipo kuitana kwa pa mzikiti kumveka kasanu pa tsiku. Pofika pamenepo anali atayenda mtunda woposa mamailosi 2,000, mbali yaikulu ndi mapazi. Ku Egypt sanafikeko iai. A ku ofesi ya kazembe wa America analembera sukulu ija za iye, ndipo ophunzira ndi anthu a m'tauni ya Mount Vernon anasonkha ndalama za ndeke. M'December 1960, nyengo ya cisanu coopsa ku maiko a kumpoto, pamene kwao anthu ali pa kupalira cimanga, anafika ku sukulu imene anaiona m'buku.

Pambuyo pace anaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge. M'caka ca 1965 anasindikiza mbiri ya ulendo wace naicha dzina la mau a sukulu yace aja, I Will Try. Analembanso mabuku a nthano, monga The Looming Shadow, Jingala ndi The Detainee. Koma mphunzitsi wosimba mbiriyi asabise mtengo wace. Kayira anakhala moyo wace wotsala ku England, kutali ndi abale ace, ndipo anamwalira ku London m'caka ca 2012. Ulendo wautali upatsa zambiri, ndipo ulandanso.

Kuona koyamba

Akulu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Nzoona, pakuti diso la mlendo ligwira zinthu zimene eni mudzi analeka kuziona: mamangidwe a nkhokwe, maperekedwe a moni, mtundu wa dothi. Cifukwa cace zimene munthu aona masiku ace oyamba ndi cuma, ndipo ziyenera kulembedwa zisanazilale. Koma akulu omwewo anatinso kuona maso a nkhono nkudekha. Kuona koyamba kufulumira kuweruza. Mlendo akanamizidwa ndi munthu mmodzi pa siteshoni, anena kuti mtundu wonse ndi wa akuba. Akapatsidwa madzi ndi mai mmodzi, anena kuti dziko lonse ndi la oyera mtima. Wotopa, wanjala ndi wamantha aona zinthu mokhota. Amene ayenda ndi anzace ali ndi womdzudzula. Koma woyenda yekha alibe womuuza kuti, Mnzanga, wapenya molakwa. Iye yekha ayenera kudziletsa, ndipo kudziletsa kumeneko akuphunzira ali mwana, kapena sakuphunzira konse.

Tsono mbiri ya Kayira ionetsa kuti maso a mlendo asulidwa iye asananyamuke. Mapu anawawerenga cifukwa anaphunzitsidwa. Mitsinje ndi mizinda anaidziwa maina asanaione. Pofika kwa anthu osamdziwa anadzicepetsa, nafunsa, nagwira nchito. Zimenezi ndi zipatso za m'kalasi, ndipo kalasi la kumudzi likhoza kuzibala monga linzace la m'tauni.

Nchito ya mphunzitsi

Coyamba, mapu atsike pa khoma. Sukulu yosowa mapu osindikizidwa iri nalo bwalo, ndodo ndi phulusa. Ana alembe pansi Zambia ndi anansi ace asanu ndi atatu, ndiwo Congo, Tanzania, Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Angola. Kenaka mwana mmodzi ayende ulendo wa Kayira ndi mapazi ace, anzace namfunsa pa malire ali onse kuti, Walowa dziko liti? Udzapereka moni m'cinenero canji? Udzadya ciani? Mwana amene wapondapo pa Kampala wa phulusa saiwala kuti ali kumpoto kwa Nyanja ya Victoria.

Caciwiri, ana ayende ulendo waufupi monga alendo. Mphunzitsi awatengere ku mtsinje, ku msika wa ku Chongwe, kapena ku munda wa mlimi wakhama, ali yense ndi kope lace. Tsamba aligawe pakati: mbali yina alembe Zimene ndinaona, mbali yina Zimene ndinaganiza. Mwana akalemba kuti mwini sitolo ndi waukali, mphunzitsi amfunse kuti, Unaona ciani? Kapena adzayankha kuti munthuyo sanaseke. Pamenepo kusaseka kulembedwe ku mbali ya zooneka, ukali ku mbali ya zoganiza. Patapita milungu iwiri abwererenso komweko, nayerekeze zolemba zatsopano ndi zakale. Palibe phunziro lina loposa ili pocepetsa mwano wa pa mitundu ya anthu ena.

Cacitatu, alendo ali pafupi. Dziko lino la Chongwe ndi la Asoli, koma kuyambira 1988, pamene Boma linatsegula minda ya Kanakantapa kuti acinyamata osowa nchito m'matauni adzalime, kunabwera anthu a zinenero zambiri. Ali yense wa iwo anali ndi tsiku lace loyamba pa malo ano. Mphunzitsi aitane mmodzi wa akuluwo kudzasimbira ana cimene anaona pofika, cimene anaopa, ndi cimene anazindikira pambuyo pace kuti anaciyesa molakwa. Aitanenso woyendetsa lole amene afika ku Dar es Salaam kapena ku Beira, ndi mai wamalonda wooloka malire. Ana akonzeretu mafunso ao, pakuti safunsa anadya phula.

Cacinai, kalata. Mwana ali yense wa m'makalasi apamwamba adziwe kulemba kalata yopempha malo kapena nchito: yaulemu, yaifupi, yonena zoona, yokhala ndi keyala yomveka. Lero kalata zambiri zipita pa foni ndi pa intaneti, koma woziwerenga afunabe zomwezo.

Cenjezo

Mbiri iyi isasimbidwe ngati yokopa ana kuthawa kwao. Malire a masiku ano afuna pasipoti ndi zilolezo, ndipo m'njira muli anthu onyenga amene alonjeza acinyamata nchito kapena sukulu kutali, nawalanda zikalata zao ndi kuwagwiritsa nchito ya ukapolo. Kayira yemwe, ndi kulimba mtima kwace konse, sanakwere ndeke kufikira atakhala ndi kalata ya sukulu, pasipoti ndi cilolezo colowera m'dziko. Mphunzitsi aphunzitse ana kufunsa dzina la sukulu kapena la kampani, kulitsimikiza kwa akulu a boma, ndi kuuza makolo kumene apita.

Ana ambiri a m'masukulu ano sadzaona Khartoum kapena Cambridge. Ena adzafika ku Lusaka kokha, ena ku migodi, ena adzakhala pa minda ya makolo ao nalandira alendo ocokera kwina. Koma onsewo adzakomana ndi munthu wa cinenero cina ndi cakudya cina, ndipo adzayenera kusankha kumpeputsa kapena kumfunsa. Aphunzitsi a ku Livingstonia sanadziwe kuti mwa anyamata opanda nsapato okhala patsogolo pao munali wina amene adzayenda kufikira ku Nile. Iwo anangophunzitsa mapu, kuwerenga ndi kalata mokhulupirika. Mphunzitsi wa ku Kanakantapa nayenso sadziwa, ndipo cifukwa cace ayenera kuphunzitsa mwana ali yense monga ngati ndiye amene adzanyamuka.