Nkhondo ya ku Ukraine ndi thumba la feteleza la amayi anga



Mukukumbukira mmene tinkaodzerera aphunzitsi akuloza nyanja ya Black Sea pa mapu? Ine ndinali mmodzi wa oodzerawo. Nyanja ija inadzandidzutsa mu 2022, pamene amayi anga anaimba lamya kuchokera kumudzi kunena kuti ndalama zimene ndinatumiza za matumba awiri a feteleza zagula thumba limodzi.

Pa 24 February chaka chimenecho asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine. Maiko awiriwa amagulitsa tirigu ndi mafuta a mpendadzuwa ochuluka, ndipo Russia ili m'gulu la ogulitsa feteleza aakulu padziko lonse. Feteleza wa urea amapangidwa ndi gasi, motero gasi akakwera nayenso amakwera. Amalonda a ku London ndi ku Chicago sadikira kuti katundu asowe ayi. Mantha okha amakweza mtengo. M'mwezi wa March mgolo umodzi wa mafuta unapitirira madola 120. Mwezi womwewo banki yaikulu ya ku America inayamba kukweza chiwongoladzanja, eni chuma nathamangira ku dola. Ife amene timagula mafuta, feteleza ndi mankhwala ndi dola, chikhalirecho tikuyembekezera fodya kuti atibweretsere dolayo, tinapanikizika. Mu May Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti.

Chimene chinandidabwitsa ndi mmene nkhondoyo inalowera m'macheza athu. M'minibasi, pa bawo, ngakhale pa siwa, aliyense anasanduka katswiri wa za Putin ndi Zelensky. Mayi wina wa tomato pamsika anandiuza kuti mulu wakwera chifukwa cha Ukraine. Ndinaseka, koma pobwerera ku ofesi ndinalingalira: tomatoyo anathiridwa feteleza, nabwera pa lole ya dizilo. Mayiyo sananame.

Komabe anzanga, tisamusenzetse Putin zonse. Ndalama zakunja zinayamba kutiperewera mfuti isanalire, pakuti timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsako. Ife a m'maofesi mau akuti "nkhondo" anatipepukira kwambiri pakamwa, ndipo ineyo ndinawagwiritsapo ntchito.

Amayi sanadikire kuti nkhondo ithe. Anasakaniza thumba limodzi lija ndi ndowe, gaga ndi phulusa, monga anaonera kwa anzao, nathira munda wonse. Chimanga chake chinatifikitsa mu December.