Mgodi Ndi Thupi Limodzi

Akatswiri a makina ali ndi mau amodzi a Cingerezi amene amawachula kawirikawiri, ndiwo system. Tanthauzo lace ndi ili: zinthu zambiri zosiyanasiyana zimene zalumikizidwa kuti zigwire nchito imodzi, nchito imene cinthu cimodzi sicingathe kuigwira pacokha.

Citsanzo cabwino ndico mgodi. Pampu payokha situlutsa mkuwa. Cikepe pacokha sicitulutsa mkuwa. Koma mapampu, zikepe, makina oponya mpweya pansi, njanji, magetsi ndi anthu zikagwirizana, mkuwa umaturuka. Anthu nawonso ali ciwalo ca system, pamodzi ndi malamulo amene amatsata.

Cinthu coyamba cofunika kudziwa ndico cakuti ciwalo ciri conse cimadalira cinzace. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe uli pakati pa migodi ya madzi ambiri koposa pa dziko lonse lapansi. Magetsi akaleka kufika, mapampu amaima. Mapampu akaima, madzi amayamba kukwera, ngakhale munthu wa pansiyo sanalakwe kanthu.

Caciwiri ndico malire. Wokonza system ayenera kufunsa kuti, kodi zinthu za m'kati mwace ndi ziti, ndipo za kunja ndi ziti? Akalemba malire pafupi kwambiri, tsoka limabwera kucokera kumene iye sanayang'ane.

Izi zinaoneka ku Mufulira pa 25 September 1970. Matope otsala pa nchito yoyenga miyala anali kutayidwa pamwamba pa nthaka, m'dambo limene linali pamwamba pa malo okumbidwa. Pansi, miyala ya mkuwa itacotsedwa, thanthwe la pamwamba linali kugumukira m'mapanga otsalawo. Kutaya matope kunali nchito ina, kukumba kunali nchito ina, koma nthaka inali imodzi. Usiku umenewo nthaka inabooka, matope analowa mu mgodi, ndipo anthu 89 anafa.

Cifukwa cace akatswiri a system amayang'anira makamaka pamene nchito ya munthu mmodzi ikumana ndi nchito ya mnzace, pakuti ngozi zambiri zimabadwira pamenepo. Munthu wa mu mgodi akaona madzi kapena matope pamalo pamene sipanali kale, ayenera kuuza kapitao wace msanga. Cimene iye waona pa nchito yace cingakhale cizindikiro ca bvuto limene layamba kutali, kumene maso ace safika.