Macheza a Okalamba m'Nyengo ya Chisanu ku Scotland

Mwezi wa Disembala, pamene ku Malaŵi kuli mvula, ku Scotland ndi pakati penipeni pa chisanu. Mumzinda wa Edinburgh dzuŵa limatuluka nthaŵi ili pafupi kukwana 9 koloko m'maŵa, ndipo isanakwane 4 koloko madzulo limakhala litaloŵa kale. Kuŵala kwa tsiku lonse ndi kwa maola 7 okha. Munthu wokalamba amene amakhala yekha, ana ake atapita kutali kukagwira ntchito, amapirira mdima wa maola 17. Nkhani ya lero ikunena za zimene okalamba otere amakambirana akakumana pampanda kapena kusitolo, ndiponso chifukwa chake macheza ooneka ngati achabeŵa ali ofunika.

Macheza amayamba ndi thupi: maondo amene akukana masitepe, makutu amene ayamba kugontha, ndalama zotenthetsera nyumba. Koma zimenezi sazikhalitsa. Posachedwa wina amafunsa kuti, "Nanga mlendo wanu uja, mayi, wabwera lero?" Mlendo amene akunenedwayo ndi kambalame kotchedwa robin, kamsinkhu wa mpheta, ka chifuŵa chofiira. Mbalame zambiri zimakhala chete m'chisanu, koma robin amaimbabe, pakuti akulondera malo ake odyera. Nkosaopa anthu, ndipo kamatsata munthu wolima kuti katole nyongolotsi zimene wafukula.

Nthaka ikauma ndi chisanu tizilombo timasoŵa, ndipo mbalame zazing'ono zingafe usiku umodzi wokha. Choncho anthu amazipachikira mbewu, mtedza ndi mafuta a nyama m'mitengo ya kuseri kwa nyumba, naswa madzi oundana kuti zimwe. Omvera a ku Nsanje amene amatha tsiku akuingitsa mbalame m'munda wa mapira angadabwe kumva kuti kuli anthu ogulira mbalame chakudya. Bungwe loteteza mbalame la RSPB linayambitsa mu 1979 mwambo wakuti chaka chilichonse, kumapeto kwa Januwale, anthu akhale ola limodzi akuŵerenga mbalame zotera pakhomo pawo ndi kutumiza chiŵerengerocho. Ntchito imeneyi ngakhale gogo wosatha kuyenda amaigwira ali pazenera, nadziŵa kuti maso ake akadali ndi phindu.

Akatha za mbalame amatembenukira ku ziŵeto za m'nyumba. Galu wa kumeneko amagona m'nyumba, ndipo ayenera kumuyendetsa tsiku ndi tsiku, kuzizire kusazizire. Potero galu amatulutsa mbuye wake pakhomo, namufikitsa kumene kuli anthu. Ambiri amadziŵa dzina la galu wa mnansi asanadziŵe la mwini wake. Mu Edinburgh muli chifanizo cha galu wotchedwa Greyfriars Bobby, amene anafa mu 1872, ndipo anthu amasimba kuti anakhala zaka 14 akulondera manda a mbuye wake.

Galu yemweyo ndiye amauwa akamva bagpipe, chitoliro cha thumba chimene dziko la Scotland limadziŵika nacho. Thumbalo, limene kale linali la chikopa cha nkhosa, woimba amalipana m'khwapa. Amalidzaza mpweya pouzira m'kampope, ndipo pamene akupuma amalifinya ndi mkono kuti mawu asaduke. Paphewa pake pamatsamira mipope 3 yolira mawu amodzimodzi osasintha, pamene zala zake zikuseŵera pa chitoliro chamaboo chimene chimatulutsa mawu 9 okha. Zitoliro zambiri zabwino zimasemedwa kuchokera ku mtengo wakuda wa phingo, womwe uja amasemera ziboliboli kuno, umene umadulidwa makamaka ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Kwa woimba wokalamba, chitoliro chimenechi ndicho muyeso wa zaka zake. Chimafuna chifuŵa champhamvu ndi zala zofeŵa, ndipo ziŵiri zonsezi ukalamba umalanda. Tsiku limafika pamene thumba limaphwa nyimbo ili pakati. Komabe luso silithera pomwepo. Ophunzira onse amayamba ndi kachitoliro kopanda thumba, kosafuna mpweya wambiri, ndipo nkhalamba imabwerera ku kachitoliro komweko, nikhala patebulo ndi ana a m'deralo kuwaongola zala. Paja galu wamkota sakandira pachabe.

Pomaliza macheza amafika pa zokonzekera chikondwerero. Mu 1640 nyumba ya malamulo ya Scotland inathetsa tchuthi cha Khirisimasi, potsata maganizo a mpingo wa nthaŵi imeneyo, ndipo tsikuli linadzakhalanso la tchuthi mu 1958. Alipobe okalamba amene amakumbukira bambo awo akupita kuntchito pa 25 Disembala. Nchifukwa chake usiku wa 31 Disembala, umene amautcha Hogmanay, unakula mphamvu. Mwa mwambo, chaka chisanathe nyumba imasesedwa, phulusa limaoledwa pamoto, ngongole zimabwezedwa. Ikangokwana 12 koloko usiku, onse amadikira munthu woyamba kuloŵa pakhomo. Amati mwaŵi umadza ndi mwamuna wamtali wa tsitsi lakuda, atanyamula khala la malasha, mabisiketi ndi chakumwa, kutanthauza kuti m'nyumbamo musasoŵe moto kapena chakudya chaka chonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wokalamba angasese nyumba, angaphike, koma sangadzigogodere yekha pakhomo. Mu 2018 boma la Britain linasankha nduna yoona za vuto la kusungulumwa, ndipo chaka chomwecho boma la Scotland linatulutsa ndondomeko yake yolimbana nalo. Zimenezi nzabwino, koma ndondomeko siidziŵa khomo la munthu. Amene amalidziŵa ndi mnansi uja wofunsa za robin m'maŵa uliwonse. Iyeyo ndiye amazindikira tsiku limene mbalame sizinapatsidwe chakudya, galu sanatuluke, nsalu za pazenera sizinatsegulidwe, ndipo amapita kukagogoda. Pa usiku wa Hogmanay ndi yemweyonso amene amafika ndi khala la malasha m'manja.