Musamutume Mwana Kukayatsa Fodya

 Ku Tsangano, ku Furancungo ndi m'midzi yonse ya Macanga fodya wauma m'zigafa, anthu ali kalikiliki kusankha ndi kudinda mabelo, ndipo aphunzitsi ayambanso kutilembera dandaulo lija: makope a anyamata akutha mapepala. Sikuti akulembapo masamu ayi, akupichira chingambwe cha zinyenyeswa zotola pansi pa chigafa.

Za mapapo sinditayirapo nthawi, mumazidziwa. Funso langa ndi lakuti, utsi woyamba mwanayu anaukokera kuti? Mumathamangira kunena anzake. Koma bambo, ndani uja amati, "Iwe, tenga nduduyi ukandiyatsire kumoto"? Ndudu siyaka osaikoka. Mwana amaigunditsa pakhala, n'kukoka kamodzi, kawiri, kachitatu panjira kuopa kuti ingazime. Nikotini amafika ku ubongo m'masekondi ngati 10, ndipo ubongowo umakulabe mpaka munthu atayandikira zaka 25, n'chifukwa chake wamng'ono amazolowera msanga kuposa inu. Ndi nankafumbwe ameneyu: amalowa chimanga chikadali kumunda, ufa wake mudzauona m'thumba miyezi itapita.

Kutuma mwana kukagula nakonso n'chimodzimodzi. Lamulo la Decreto 11/2007 limaletsa kugulitsa fodya kwa wosakwana zaka 18. Nanga wapabaraka akane bwanji mwana amene dzulo, dzana, amabwera ndi mawu akuti "andituma adadi"? Lero wadzituma yekha, mawu ndi omwewo. Miyendo muli nayo, kaguleni nokha!

Ndimati ndilowe nkhani ya chamba, koma ndikumva wina uko akung'ung'udza: "Malata ali padengawa ndi a fodya, makope omwewo tinagula ndi ndalama za ku kampani ya fodya ya MLT, ndiye tileke kulima?" Sindinatero, achimwene. Kulima n'kwina, kuyatsitsa mwana n'kwina. Komanso poti mwaiputa nokha: mwana asamathyole fodya wonyowa ndi mame. Nikotini amalowera pakhungu, ndipo chizungulire ndi kusanza zimene mumati ndi malungo nthawi yothyola, nthawi zina gwero lake ndi lomwelo. Zinyenyeswa sesani tsiku lomwelo, osaunjika kuseri kwa chigafa.

Za chamba chija ndingonenapo chimodzi: zala zimene zadziwa kupichira chingambwe sizifunanso mphunzitsi, ndipo lamulo la mankhwala ozunguza bongo la Lei 3/97 likhoza kumufikitsa mnyamata kupolisi.

Mukamupeza akusuta, ikani pansi kaye chikoticho. Kumenya kumangomuphunzitsa kubisala bwino, ndipo nankafumbwe sathawa poti mwamenya thumba. Dikirani mtima uphwe, mukhale naye pansi, mumufunse anayamba liti, amasuta kangati patsiku, ndipo ngati amaufuna atangodzuka. Akavomera chomalizachi, ndiye kuti thupi lazolowera kale. Pitani naye kuchipatala, mukafunse ngati pali SAAJ, kumene amathandiza achinyamata.

Amayi, mukamva bambo akuitana mwana ndudu ili kumanja, atumizireni khala pachigoba, ayatse okha.